Zimene Chituruki Chingakuphunzitseni za Aphatikiri

Wophunzira, munadzifunsapo chifukwa chimene timati "limira" koma "lembera"? Ambiri mumalankhula bwinobwino, koma mukafunsidwa pa mayeso a MSCE kuti mufotokoze, cholembera chimauma. Tiyeni tibwerekeko maso kwa ena. Chituruki, chiyankhulo cha dziko la Turkey, chili ndi khalidwe lomweli.

Kuyambira mu 1928, pa ulamuliro wa Mustafa Kemal Atatürk, Chituruki chimalembedwa ndi malembo ngati athuwa. Alipo 29, ndipo a liwu ndi 8: a, e, ı, i, o, ö, u, ü. Ife tili nawo 5 basi.

Monga ife, iwo amamanga mawu pophatikiza aphatikiri ku tsinde, kungoti awo onse amakhala kumapeto. Nyumba ndi "ev", zikachuluka "evler". Phiri ndi "dağ" (ğ samveka, muziti "daa"), mapiri ndi "dağlar". Bwanji -ler pena, -lar pena? Mphatikiri amatsatira lembo la liwu lotsiriza la tsinde. Likakhala e, i, ö kapena ü, amabwera -ler. Likakhala a, ı, o kapena u, amabwera -lar.

Tiyese ndi maina a kwathu. Mturuki ponena kuti "ku Dowa" adzalemba "Dowa'da", koma "ku Ntchisi" adzalemba "Ntchisi'de". Wochokera ku Mponela ndi "Mponela'dan", wotsika ku Ntchisi ndi "Ntchisi'den". Munthuyo mapiri athu sanawaonepo, koma khutu lake lamva a ndi i zakumapeto, basi lamulo lagwira ntchito.

Tsono bwererani ku misintho ya aneni. Tsinde likakhala ndi a, i kapena u, msintho umatenga i: phala, phalira, lima, limira, gula, gulitsa. Likakhala ndi e kapena o, umatenga e: lemba, lembera, gona, gonetsa, omba, ombedwa. Palibe mwana wa ku Malomo amene anganene kuti "lembira", ngakhale sanapondepo m'kalasi. Lamuloli muli nalo kale m'kamwa, chatsala n'kulitchula pa pepala.

Nayo misintho ali nayo: "yaz" ndi lemba, "yazdır" lembetsa, "yazıl" lembedwa, "yazış" lemberana.

Apa ndi pomwe timasiyana. Iwo alibe magulu a maina, choncho za mu-, a-, chi-, zi- ndi mgwirizano wake n'zachilendo kwa iwo. Komanso mneni amamuika kumapeto kwa chiganizo: "Ali dağa çıktı", mawu ndi mawu, "Ali kuphiri anakwera". Olakatula athu amachita dala zoterezi pofuna kutsindika mawu. Mukazipeza m'ndakatulo, musathamangire kunena kuti mlembi walakwitsa. Funsani chimene wafuna kuti chimveke kwambiri.

Ntchito: Tengani ndime imodzi m'buku limene mukuwerenga m'kalasi, mutolemo aneni 10 osinthidwa. Alembeni m'magulu awiri, otenga i ndi otenga e, ndipo mutchule lembo la liwu la tsinde lililonse.