Zitsulo za m'kati mwa mtanda wa konkire

Mmisiri wa ku Shikabeta, m'boma la Rufunsa, amene amagula simenti ndi zitsulo kutali ku Lusaka, angayesedwe kuchepetsa zitsulo pomanga mtanda wa pamwamba pa khomo. Komatu konkire, ngakhale ilimba poipanikiza, mphamvu yake poikoka ndi pafupifupi gawo limodzi chabe mwa magawo 10 a mphamvu yake poipanikiza, ndipo mtanda woumiridwa zitsulo umathyoka pomwe mng'alu woyamba waonekera kunsi kwake. Zitsulo zikachulukitsanso, pakuti chakomachakoma pusi anagwa chagada, konkire ya kumwamba imaphwanyika mwadzidzidzi chitsulo chisanafooke. Nchifukwa chake mainjiniya amayeza zapakatikati, kuti katundu akapyola muyeso chitsulo chiyambe ndicho kutamuka, mtanda upindike pang'onopang'ono, ming'alu ikule poyera, eni nyumba aone ndi kutuluka.