KAODZERA: MATENDA OBISALA M'MAGAZI A NYAMA ZA M'THENGO

Anthu ambiri a m'makomboni akamva za kaodzera amati ndi matenda a ku cigwa, sawakhudza iwo. Koma taganizani: ndi angati mwa ife amene amapita ku Mfuwe, ku Chama kapena ku Nyimba kukaona acibale, kukagula mpunga ndi nsomba, kapena kukagwira nchito m'makampu a alendo? Munthu angalumidwe kumeneko, koma kudzadwalira m'tauni, kumene palibe amene angaganizire za matendawa.

Caka cina tinalandira bambo wina woyendetsa galimoto. Thupi linali kutentha, mutu kuwawa, ndipo anali atamwa kale mankhwala a malungo kawiri konse osaona kusintha. Acibale anayamba kunong'onezana kuti walodzedwa. Titamfunsa kumene anayenda, mkazi wace ndiye anakumbukira kuti milungu itatu m'mbuyomo anapita ku cigwa. Tinayang'ana magazi pa makina oonera tinthu tating'ono ndipo tinaona tizilombo tikusambira ngati tinsomba. Anacira cifukwa ca funso limodzi lija.

Kodi matendawa acokera kuti?

Kaodzera amabwera ndi kacilombo kochedwa trypanosome. Kamalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi kashembe, nchenche yoluma ija imene ena amati kamzembe. Nchencheyi imatenga kacilomboka poyamwa magazi a nyama imene ili nako. Si kashembe aliyense ali ndi matenda ai, ndi ocepa cabe, koma sitingawadziwe ndi maso.

Mbiri ya matendawa ndi ya kwathu kuno. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza mtundu watsopano wa kacilomboka m'magazi a munthu amene analumidwa m'cigwa ca Luangwa. Anaucha rhodesiense cifukwa ca dzina la dziko lino pa nthawi ya atsamunda. Mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, akugwira nchito m'cigwa comweco, anaonetsa kuti kashembe wa m'thengo ndiye amafalitsa. Ndipo mu 1958 ku Kenya kunatsimikizika kuti kacilombo kotengedwa m'magazi a mbawala kangadwalitse munthu.

Nyama zimene zili nato sizidwala

Codabwitsa ndi cakuti mbawala, njati, njiri ndi nyama zina zimayenda ndi tizilomboti m'magazi koma sizioneka kudwala. Zakhala nato kwa zaka zosawerengeka ndipo matupi ao anazolowera. Koma tikalowa mwa munthu, ng'ombe kapena galu, pamenepo ndi pamene matenda amaoneka.

Panali bvuto limodzi limene linasautsa akatswiri kwa zaka zambiri. Pali mitundu iwiri ya kacilomboka yofanana ndendende ngati mapasa. Wina umadwalitsa ziweto cabe, cifukwa ukalowa mwa munthu magazi athu amaupha. Wina ndiye umapha munthu. Pa makina oonera tinthu tating'ono palibe angasiyanitse.

Yankho linapezeka pofufuza cibadwa ca tizilomboti, cimene akatswiri amati DNA. Mu 1989 ofufuza a ku Belgium anapeza kuti mtundu wopha anthu uli ndi kacidutswa ka cibadwa kamene unzace ulibe. Anakacha SRA. Kacidutswaka kali ngati cishango cimene cimateteza kacilombo kuti magazi a munthu asakaphe. Lero wofufuza angatenge kadontho ka magazi a nyama, kapena kashembe wogwidwa pa msampha, nkudziwa ngati muli mtundu woopsa. Ndi njira imeneyi mtunduwu unapezeka mwa mbawala ndi njati za ku Luangwa.

Ofufuza amapimanso magazi otsala m'mimba mwa kashembe kuti adziwe nyama imene analuma. Apeza kuti amakonda njiri ndi mbawala, koma mbidzi ndi nswala saziluma kawirikawiri, ngakhale zili zambiri.

Kufufuza cibadwa kwatiuzanso cifukwa cace kulibe katemera. Kacilomboka kamasintha khungu lace monga munthu asintha malaya. Thupi likangoyamba kukazindikira, iko kabvala ena. Ndiye cifukwa cace kutentha kwa thupi kumabwera, kuleka, nkubweranso.

Tanthauzo lace kwa ife ndi ili: popeza tizilomboti tili m'nyama za m'thengo, kaodzera wa mtundu uno sangathe msanga. Amapezekabe ku Chama, Mpika, Mambwe ndi Rufunsa, mozungulira paki ya Kafue, ndiponso kutsidya kwa malire ku Rumphi ndi Nkhotakota m'Malawi.

Zizindikiro

Pakapita masiku 5 kufika 15, pamene panalumidwa pangatuluke cotupa cofiira ndi cowawa, ngakhale si onse amaciona. Kenaka thupi limatentha, mutu ndi mfundo zimawawa, ndipo mwanabere amatupa. Zonsezi zifanana ndi malungo. Pakapita milungu yocepa tizilombo timafika ku ubongo. Wodwala amasokonezeka maganizo, amakwiya msanga, amaodzera masana koma usiku tulo osabwera. Apa ndi pamene mabanja ambiri amataya nthawi kwa asing'anga. Wosalandira mankhwala amamwalira m'miyezi yocepa, kawirikawiri isanakwane 6.

Dziwani cinthu cimodzi cofunika. Kacipangizo kaja kopimira malungo msangamsanga pa cala sikaona kaodzera ai. Magazi ayenera kuyang'anidwa pa makina oonera tinthu tating'ono.

Mankhwala alipo

Kale tinali ndi nyeleti cabe: suramin poyamba, ndi melarsoprol ngati matenda afika ku ubongo. Melarsoprol ndi mankhwala aukali kwambiri, ndipo mwa odwala 20 olandira, pafupifupi mmodzi amafa nao. Mu 2024 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mankhwala oyamba akhale mapilisi a fexinidazole, amene anayesedwa ku Malawi ndi Uganda. Amamwedwa masiku 10 pamodzi ndi cakudya, ndipo ndi a anthu a zaka 6 kupita m'tsogolo olemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Mankhwala a kaodzera sagulitsidwa pa msika. Amaperekedwa ku cipatala, moyang'aniridwa ndi anchito a zaumoyo.

Zoyenera kucita

Popita ku cigwa bvalani malaya a manja aatali ndi thalauzi la nsalu yokhuthala. Pewani zobvala zakuda ndi zabuluu, cifukwa kashembe amakopeka nazo. Zabwino ndi za mtundu wa khaki. Kashembe amatsata galimoto ndi njinga zoyenda, conco tsekani mawindo podutsa m'thengo, ndipo mwana wa kumbuyo mumfunditse bwino.

Koma cacikulu ndi ici. Ngati inu, mwana wanu kapena mlendo wanu wocokera ku cigwa atentha thupi, ndipo malungo sanapezeke kapena mankhwala sakuthandiza, bwererani ku cipatala tsiku lomwelo. Musadikire kufunsidwa. Nenani nokha kuti, "Ndinali ku cigwa, ndipo ndinalumidwa ndi kashembe. Conde mundipimenso kaodzera."