Firiji si nazale

Mnyamata wina wogwira ntchito pa malo ogona alendo kugombe la Chintheche anandibweretsera jumbo ya mitengo ya chinangwa, yodulidwa bwino, koma maso ake atada bii. Inali mbewu imene anaipeza movutikira mvula isanayambe, ndipo pofuna kuti isaume anaiika mu firiji ya kukhitchini. Nditamufunsa kumene anatenga nzeruyi, anatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa mzungu wolima chamba ku Canada akulongedza tinthambi m'mapepala apulasitiki n'kutiika mu firiji.

Mzunguyo sananame. Alimi a chamba ovomerezeka ndi boma kumeneko amaterodi, ndipo ali ndi chifukwa. Chamba chili ndi chachimuna ndi chachikazi, ndipo chofunika pa mankhwala ndi maluwa a chachikazi. Ukafesa njere, pafupifupi theka zimamera zachimuna, zotsalazo n'kumasiyana mphamvu. Ukadula kanthambi pa mtengo waukazi umene waukonda n'kukameretsa mizu, umapeza mtengo wofanana ndendende ndi mayi wake. Ife a zaulimi timati clone. Malo akachepa m'nazale, tinthambito amatiika pozizira madigiri 4 kapena 5 kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo tambiri timameradi mizu.

Ndisanapitirire, wina asati mlangizi watilola. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act mu February 2020, koma linatsegula khomo kwa okhawo olima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale atatenga chiphaso ku Cannabis Regulatory Authority. Wopanda chiphaso, kanthambi ka mu firiji kakhoza kumugoneka m'chitokosi mofanana ndi munda wathunthu.

Chimene chimanditopetsa ine ndi chikhulupiriro chakuti kuzizira kumasunga moyo wa chilichonse. Poti usipa ukaikidwa mu firiji suwola msanga, anthu amati mbewu nayonso ikhala. Usipa ndi wakufa kale. Nthambi yodulidwa ndi yamoyo, ikupuma, ndipo popuma ikuwotcha shuga amene inatenga kwa mayi wake. Ndiyo respiration imeneyo. Ilibe mizu yoti imwere madzi, ndipo mu mdima wa mu firiji masamba ake sangapange chakudya china. Ili ngati munthu wa paulendo amene akudya kamba wake popanda pogula wina. Kuzizira kumangochedwetsa kadyedweko: kutentha kukatsika ndi madigiri 10, kupuma kumatsika pafupifupi ndi theka. Tsono tsiku lililonse lokhala m'menemo, mphamvu yotulutsira mizu ikuchepa. Palibe nthambi imene inatuluka mu firiji ili yamphamvu kuposa mmene inalowera.

Ndipo si mbewu zonse zimene zimapirira kuzizirako. Chamba makolo ake ndi a kumapiri ozizira a pakati pa Asia, choncho chimalimbako. Chinangwa chinachokera kotentha ku South America. Icho, mbatata ndi nthochi, kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10 kapena 12 kwa masiku angapo, timakungu ta maselo ake timauma gwa n'kuyamba kudontha. M'mabuku amati chilling injury, kutanthauza kuvulala ndi kuzizira ngakhale madzi asanaundane. Aliyense amene anaikapo nthochi mu firiji anaona khungu likuda. Zomwezo n'zimene zinachitikira maso a chinangwa cha mnyamata uja, pamalo penipeni pamene mphukira imayenera kutulukira.

Onjezanipo firiji zathu. Ya mzungu uja imakhala pa digiri imodzimodzi usana ndi usiku. Yathu magetsi akazima masana a October kunyanja kuno imafunda, akayaka imaziziranso, mkati mwa jumbo mumachita thukuta, ndipo nkhungu yotuwa ija imapeza pogona. M'menemonso muli tomato, mango ndi nthochi zakupsa, zimene zimatulutsa mpweya wa ethylene. Mpweyawu ndi umene umapsetsa zipatso, koma kwa nthambi umachititsa masamba chikasu n'kuwayoyola. Zoika kumtunda kowumitsa madzi sindizitchula n'komwe, maselo amaphulika usiku umodzi.

Chodabwitsa n'chakuti boma lino la Nkhata Bay ndi sukulu ya ntchito imeneyi. Tiyi wa ku Kawalazi, mphira wa ku Vizara, chinangwa chimene akatswiri a ku Mkondezi amachulukitsa, zonsezi zimadalira kudula kapena kumezanitsa, ndipo m'ntchito yotereyi chuma chenicheni ndi mitengo yamayi imene imasamalidwa ili chiimire m'munda. Amayi ophika kondowole tsiku ndi tsiku amadziwa zomwezo. Amasiya kachigawo ka munda osazula mpaka nthawi yodzala itakwana.

Kuzizira sikuphanso matenda. Khate la chinangwa lopiringiza masamba, ndi cassava brown streak yowoletsa mizu mkati imene yavuta m'mbali mwa nyanja, zimayenda ndi mitengo yodzala. Ku chamba kulinso kachilombo kake, hop latent viroid, koyenda pa lezala. Mayi akadwala, ana onse odulidwa kwa iye amadwala. Kwa ine, kuyang'anitsitsa mtengo musanaudule n'kofunika kuposa kasungidwe kalikonse.

Nanga ngati mwadula kale? Chinangwa chisiyeni chachitali, musachidule tizidutswa. Mangani mitolo, iimikeni pamthunzi pansi pa mtengo wa mango, matsinde atalowa pang'ono m'dothi lachinyontho. Mwezi umodzi chimapirira, mwina kuposerapo, kutengera mtundu ndi kukhwima kwake. Tsiku lodzala ndiye mudule masentimita 25 mpaka 30, maso asanu kapena kuposa, nsonga zouma mutaye. Kholowa wa mbatata masiku awiri kapena atatu pamthunzi, basi. Kwa amene ali ndi chiphaso cha chamba ndipo akakamizika, lezala ikhale yoyera, jumbo yotseka yokhala ndi chinyezi pang'ono osati madzi, kutali ndi zipatso, masiku ochepa momwe angathere, ndipo potulutsa aduleko kunsi mwatsopano asanadzale. Ayambe wayesa ndi tinthambi tochepa, chifukwa mitundu imasiyana kupirira, ndipo mtengo wamayi asauzule mpaka ataona mizu yoyera.