Ndani Amayesa Ngati Wodwala ku Chama Wamva Zimene Namwino Wanena?

Namwino akatumizidwa kukagwira ntchito ku Chama amafika atakhoza mayeso a kabayidwe ka jakisoni, kayezedwe ka magazi ndi kasamalidwe ka amayi oyembekezera. Zonsezi anaziphunzira m'Chingerezi, kaya ku Chipata, ku St Francis ku Katete kapena ku Mwami, ndipo mayeso a Nursing and Midwifery Council of Zambia anawalembanso m'Chingerezi. Koma agogo amene akumudikira pa benchi, ochokera kwa Tembwe kapena kwa Chifunda, amalankhula Chisenga kapena Chitumbuka, zimene sizili m'gulu la zilankhulo 7 zomwe boma la Zambia linasankha kuti ziziphunzitsidwa m'sukulu. Chinyanja chimathandizako, koma sichifika pa zonse zimene munthu wodwala amafuna kunena.

Ku France nkhani yoti wodwala azimvetsa zimene akuuzidwa anaiika m'malamulo. Lamulo la pa 4 Malichi 2002, limene ambiri amalitchula ndi dzina la nduna Bernard Kouchner, linapatsa wodwala ufulu wouzidwa bwino za matenda ake ndi wowerenga yekha fayilo yake. Odwala khansa anali atadandaula poyera mu 1998 kuti ena ankauzidwa za nthendayi m'khonde la chipatala kapena pa foni. Pulani ya dzikolo yolimbana ndi khansa ya 2003 inakonza zoti dokotala akaulula matenda, namwino azipatula nthawi yokhala pansi ndi wodwalayo, kumva zimene watolapo ndi kubwereza zimene zamudutsa. Mu 2009, kulankhula ndi wodwala kunaikidwa kukhala limodzi mwa maluso 10 oyesera wophunzira unamwino asanalandire dipuloma. Odwala akatuluka m'chipatala amalandiranso mafunso a e-Satis pa imelo, kuti anene mmene anawalandirira.

Ku Canada anthu olankhula Chifalansa a ku Ontario anamenyera nkhondo chipatala cha Montfort ku Ottawa pamene chinafuna kutsekedwa mu 1997, ndipo anapambana kukhoti mu 2001. Ambiri a iwo amadziwa Chingerezi, komabe ankafuna kudwala ndi kusamalidwa m'chilankhulo cha kwawo.

Amene tikufanana nawo kwambiri ali kumadzulo kwa Africa. Yannick Jaffré ndi Jean-Pierre Olivier de Sardan anafufuza zipatala za ku Abidjan, Bamako, Conakry, Dakar ndi Niamey, n'kutulutsa buku lakuti Une médecine inhospitalière mu 2003. Anapeza kuti wodwala wopanda womudziwa m'chipatala nthawi zambiri sankalonjeredwa, sankafunsidwa mokwanira, ndipo ankatuluka osauzidwa chimene chikumuvuta. Kumenekonso anamwino amaphunzira m'Chifalansa pamene odwala amalankhula Chibambara, Chiwolof kapena Chihausa.

Ku Chama kuli chuma chimene a ku France alibe. Kwathu munthu sayamba nkhani asanapereke moni, ndipo namwino amene wati "Amama, mwagona bwanji, nanga ana kunyumba?" watsegula kale pakamwa pa wodwala. Wodwala sabwera yekha. Pali womudwazika amene amaphika, kuchapa ndi kukumbukira zimene asisita anena. M'midzi muli a SMAG, amene amalondola amayi oyembekezera, ndi makomiti a zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse.

Koma ulemu womwewu umabisa zambiri. Munthu wa kumudzi safunsa wovala yunifomu kawiri. Amati "inde, ndamva" kuti asaoneke wovuta, ndiponso chifukwa akuona mzere umene uli kumbuyo kwake. Womudwazika akakhala apongozi kapena mwamuna wake, mayi sangatchule za kumaliseche, za kulera kapena za ma ARV, ndipo womudwazikayo akamamasulira amasankha zoti anene ndi zoti asiye. Izi zimandipweteka kwambiri ndikaganiza za nyengo ya dzinja. Mitsinje yothira mu Luangwa ikadzaza, misewu ya kuchigwa imaduka, ndipo amene sanamvetse kamwedwe ka mankhwala a malungo a mwana wake sangabwerere mawa kukafunsa.

Sindikuimba mlandu anamwino. Munthu mmodzi amene akuyang'anira sikelo ya ana, odwala a panja ndi chipinda chochiriramo amayi tsiku lomwelo sangapeze ola lathunthu ngati mnzake wa ku Lyon. Mafunso a pa imelo nawonso sangafike kwa mlimi wa mpunga wa kwa Chikwa. Chimene tingatengeko n'chakuti kulankhula ndi wodwala ndi luso loyenera kuphunzitsidwa ndi kuyesedwa, mofanana ndi kubaya jakisoni.

Pa mayeso a ntchito zamanja, wophunzira azifotokozera munthu woyerekeza kudwala m'chilankhulo cha m'deralo, ndipo azikhoza pokhapokha munthuyo atabwereza molondola kuti amwa mapiritsi angati, kangati pa tsiku, kwa masiku angati. Wotumizidwa ku Chama azipatsidwa milungu yoyamba yophunzira Chisenga cha m'chipatala kwa anzake obadwira komweko. Ndipo wa komiti ya zaumoyo, osati wogwira ntchito pachipatalapo, azikhala pa geti masiku ena n'kumafunsa otuluka kuti: "Akuuzani kuti mukudwala chiyani, nanga akuti mubwerenso liti?" Mayankho amenewo azilembedwa m'lipoti la mwezi lopita ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Chama, pamodzi ndi chiwerengero cha ana obayidwa katemera.