NANGA MWANA AMENE SAYANKHA MAFUNSO A KATEKISIMU?

M'parishi iliyonse muli mabuku awiri amene ife aphunzitsi a katekisimu timawadziwa bwino: buku la obatizidwa ndi buku la olandira Ukaristia koyamba. Munthu atakhala pansi ndi kuyerekeza mabuku awiriwa, adzapeza maina amene analembedwa m'buku loyamba koma m'laciwiri mulibe. Ena mwa ana amenewa anamwalira, ena makolo ao anasamukira ku Lusaka kapena ku Migodi. Koma alipo ena amene ali moyo, ali m'midzi yathu yomweyi ya ku Kasenengwa, pafupi ndi chalichi, ndipo akula mpaka kumera ndevu osalandirapo Thupi la Ambuye. Mukafunsa cifukwa, yankho limakhala lalifupi: "Ameneyo mutu wake suyenda bwino."

Pakati pa ana otere pali ena amene madokotala amati ali ndi autism. M'cinenero cathu mulibe dzina lake, ndipo dzina likasowa anthu amatola maina amene ali pafupi: citsiru, wozerezeka, wamisala, mwana wopanda mwambo. Maina onsewa ndi olakwa. Autism si misala, ndiponso si matenda opatsirana. Ndi mmene ubongo wa mwana unakulira kuyambira ali m'mimba, kotero kuti amamva, amaona ndi kumvetsa za anthu anzake mosiyana ndi ana ena. Sicotsedwa ndi jekeseni kapena ndi mizu. Komabe mwanayo amaphunzira zambiri akapeza anthu omuphunzitsa moleza mtima.

Kawirikawiri amai ndiwo amayamba kuona. Mwana wakwanitsa caka, amuitana dzina, iye osaceuka. Koma wina akatsegula pepala la siwiti kuseri kwa nyumba, wamva kale. Saloza ndi cala kuti aonetse amai ake mbuzi kapena ndege. Sayang'ana anthu m'maso. Anzake ali ku masanje, iye ali payekha kundandalika zitsononkho mumzere, ndipo wina akasuntha cimodzi, kulira kwake kumamveka kutsidya kwa dambo. Ena amakupiza manja kapena kuzungulira pamalo amodzi. Ena salankhula konse. Ena amangobwereza mau amene amva: mukafunsa kuti, "Ufuna madzi?" nayenso ati, "Ufuna madzi?" Aliponso ena amene amalankhula bwinobwino ndipo masamu amakhoza kuposa anzao, koma nthabwala ndi mikuluwiko sazimvetsa, ndipo nkhope ya munthu wokwiya saizindikira. Palibe awiri ofanana ndendende.

Cina cimene Akhristu tiyenera kucidziwa ndi cakuti ambiri mwa ana amenewa amamva phokoso mopitirira muyeso. Ng'oma, nthungululu, belu ndi makina okuzira mau, zimene kwa ife ndi cimwemwe ca pa Lamulungu, kwa iye zili ngati munga m'khutu. Akatseka makutu ndi kukuwa pakati pa Misa, si ciwanda cimene cikuopa Mau a Mulungu ai. Mwanayo akumva kuwawa.

Analakwa ndani?

Dokotala wina wa ana, Leo Kanner, ndiye anafotokoza za autism m'caka ca 1943, ataona ana 11 mumzinda wa Baltimore ku America. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, ngakhale anthu ophunzira a kumeneko anali kuloza cala amai, kuti ndi ouma mtima ndipo sanakonde ana ao mokwanira. Maganizo amenewa anatsutsidwa ndi kutayidwa kale. Kufufuza kwa akatswiri, makamaka pa ana amapasa, kunaonetsa kuti mbali yaikulu ndi ya cibadwa, yoyenda m'magazi a banja. M'caka ca 1998 dokotala wina wa ku Britain anafalitsa zoti katemera wa cikuku ndiye amayambitsa autism. Nkhani yake inapezeka kuti inali yacinyengo. Magazini ya The Lancet imene inaisindikiza inaikana m'caka ca 2010, ndipo iye analandidwa cilolezo ca udokotala. Amai, musaleke kupita ndi ana ku katemera. M'caka ca 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati mwa ana 100 aliwonse, pafupifupi mmodzi ali ndi autism, ndipo odziwika ambiri ndi anyamata.

Kuno kwathu cala cimaloza kwina. Ngati atate a mwanayo ali ndi cigayo kapena kasitolo kamene kakuyenda bwino, anthu amanong'onezana kuti anakhwimira mwana wao kuti alemere. Ngati ndi osauka, mlandu umagwera mkazi, kuti anayenda njira zosayenera ali ndi pakati. Zikakanika zonsezi, amagwira agogo okalamba a m'mudzi kuti ndiwo mfiti. Pamenepo banja limayamba ulendo wosatha: mbuzi yapita kwa ng'anga, matumba a nshawa apita kwa mneneri wina wa mapemphero a usiku, thupi la mwana ladzala mphini, koma mwana ali cimodzimodzi. Potsiriza ukwati umagwedezeka. Kwa Angoni mkazi amabwezedwa kwao ngati kuti ndiye anabweretsa tsoka pakhomo; kwa Acewa mkamwini amangonyamula njinga yake m'mamawa osatsazika. Njira ziwiri, koma wotsala ndi mwana ndi mmodzi yemweyo.

Funso lakuti analakwa ndani si lacilendo. Pa mutu 9 wa Mthenga Wabwino wa Yohane, ophunzira anafunsa Ambuye funso lomweli za munthu wobadwa wosaona, ndipo Ambuye anakana kuika mlandu pa iye kapena pa makolo ake. Mkhristu amene amapita kukaombeza kuti apeze wolakwa akufunafuna cinthu cimene Yesu ananena kale kuti kulibe. Ndipo woseka akumbukire mau a makolo akuti lungalunga m'pobadwa, cilema cicita kudza.

Zimene Eklezia amaphunzitsa

Mwambo wathu wa katekisimu unazolowera kuloweza. Mphunzitsi afunsa, ana ayankha pamodzi, ndipo pa tsiku la mayeso wosayankha abwerera caka ca mawa. Njira imeneyi yathandiza mibadwo yambiri, sitiinyoza. Koma mwana wosalankhula angabwerere zaka khumi, ndipo makolo ake amatopa ndi manyazi nangomusiya kunyumba.

Eklezia safuna zimenezo. M'caka ca 1910 Papa Pius X analamula kuti ana ayambe kulandira ali ndi zaka ngati zisanu ndi ziwiri, ndipo anati sikofunika kuti mwana adziwe ciphunzitso conse. Cacikulu ndi cakuti asiyanitse Mkate wa Ukaristia ndi cakudya wamba. Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya Sacramentum Caritatis ya m'caka ca 2007, anapempha kuti anthu olumala m'nzeru apatsidwe Ukaristia pamene kuli kotheka, ndipo anafotokoza kuti iwo amalandira m'cikhulupiriro ca banja lao ndi ca mpingo umene ukuwaperekeza. Buku lotsogolera aphunzitsi a katekisimu limene linacokera ku Roma m'caka ca 2020 linanenetsa kuti olumala asamanidwe masakramenti. Papa Francis naye analandira anthu a autism pamodzi ndi mabanja ao ku Vatican mu November 2014. Tsono woweruza ndi Bambo Mfumu atamva makolo ndi mphunzitsi. Si wapampando wa chalichi, si oimba kwaya, ndipo si anthu ong'ung'udza pa benchi ya kumbuyo.

Nanga mwana wosalankhula angaonetse bwanji kuti akusiyanitsa? Ndi manja, ndi maso, ndi thupi lonse. Mupite naye m'chalichi mkati mwa sabata, mopanda anthu, aone guwa ndi nyali ya pa tabernakulo mwakacetecete. Mumuonetse zithunzi ziwiri, ca nsima ndi ca Hostia, ndipo mumufunse ndi mau owerengeka, omwewo tsiku lililonse, kuti aloze pamene pali Yesu. Phunziro likhale la mphindi zocepa koma lobwerezabwereza. Ambiri mwa ana amenewa amakana cakudya cimene sanacizolowere pakamwa, motero pemphani kwa wansembe mkate wosadalitsa kuti ayambe kuulawa masabata angapo tsikulo lisanafike. Pa Misa akhale malo amodzimodzi, pafupi ndi khomo, ndi munthu mmodzi amene amamukhulupirira. Akafuna kutuluka atuluke, akapume, abwerenso. Osungitsa bata m'chalichi aike pansi kamkwapulo kao. Ndipo, tinene mosabisa, makina okuzira mau m'machalichi athu ambiri akulira mopitirira; kuwacepetsa pang'ono kungathandize ndi okalamba omwe.

Cinthu cimodzi cimadabwitsa aphunzitsi amene ayesapo. Ana amenewa amakonda zinthu zoyenda mwa dongosolo losasintha, ndipo Misa ndi yotero. Mwana amene sangayankhe funso ndi limodzi lomwe angathe kudziwa nthawi yogwada ndi yoimirira kuposa akuluakulu.

Kunyumba, kucipatala ndi ku boma

Tisafulumire kuweruza mai amene timamupeza atamangirira mwana ku mtengo kapena atamutsekera m'nyumba. Kumanga mwana ndi kulakwa, ndipo kuyenera kuleka. Koma cimene camucititsa ndi mantha. Ana ambiri a autism amangonyamuka osadziwa ngozi, ndipo madzi amawakoka. Kuno kuli zitsime za m'madimba zosavundikira, mtsinje wa Lutembwe umadzala nthawi ya dzinja, ndipo pa Great East Road ca ku Mtenguleni magalimoto akuluakulu sacepetsa liwiro cifukwa ca mwana. Mai ali yekha, munda ukudikira. Cingwe cidzamasulidwa pamene mudzi wonse udzamudziwa mwanayo ndi kumubweza akasocera, zitsime zikavundikiridwa, ndipo pakhomo pakamangidwa mpanda. Kusokera dzina la mudzi ndi nambala ya foni pa malaya ake ndi nzeru yosadya ndalama. Atsikana afunika kuwayang'anira koposa, pakuti alipo amuna oipa mtima amene amadziwa kuti mtsikana wosalankhula sakaulula.

Pokapimitsa mwana ku sikelo, uzani anamwino zimene mukuona, ndipo pemphani kuti makutu ake apimidwe, popeza kusamva ndi autism zimafanana poyamba. Ngati kuli kofunika adzakupatsani kalata yopita nayo ku Chipata Central Hospital, ndipo ena amatumizidwa mpaka ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Ena mwa ana amenewa amakhalanso ndi khunyu. Imeneyo ili ndi mankhwala ake kucipatala, ndipo mwana wotere asasiyidwe yekha pafupi ndi moto.

Lamulo la dziko lathu la m'caka ca 2012 loteteza anthu olumala limaletsa kuwasala pa maphunziro ndi pa cithandizo ca cipatala, ndipo bungwe la boma la ZAPD limalemba maina ao ndi kuwapatsa makadi. Ndi kalata ya dokotala, banja lingafunsenso ku ofesi ya Social Welfare za ndalama zothandizira mabanja ovutika. Kuyambira m'caka ca 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere, motero mwana asakhale kunyumba makolo asanakambirane ndi mphunzitsi wamkulu. Dera lathu lino lili ndi mbiri pa nkhani zotere: sukulu yoyamba ya ana osaona m'dziko muno inayambira ku Magwero m'caka ca 1905, m'manja mwa abale athu a mpingo wa Dutch Reformed, pa nthawi imene anthu ambiri anali kuganiza kuti wosaona sangawerenge.

Zotsala ndi za mphakati. Timadziwa kusonkha ufa ndi nkhuni pa maliro. Koma mai uyu afuna munthu woti akhale ndi mwana m'mawa umodzi pa sabata, kuti iye akapalire cimanga kapena angogona tulo. Abale ake a mwanayo nao amatopa, ndipo kawirikawiri mlongo wamkulu ndiye amaleka sukulu. Tsiku la 2 April, limene bungwe la United Nations linapatula m'caka ca 2007 kuti likhale lokumbukira anthu a autism, lingakhale nthawi yabwino yoti mphakati ukhale pansi ndi kugawana masiku.

Pali funso lina limene makolo amaliganiza usiku koma saliulula: ife tikadzafa, adzamusunga ndani? Mwana wa autism amakula nakhala bambo kapena mai. Ena amaphunzira kuweta ng'ombe, kusenda nshawa, kuthirira dimba kapena kupala matabwa, ndipo nchito imene aizolowera amaigwira mosamala kwambiri; ena adzafuna womusamala mpaka imfa. Nkhani imeneyi ikambidwe makolo akali moyo. Aitane abale a mbali zonse ziwiri pamaso pa a nyakwawa ndi akuluakulu a mpingo, achule dzina la amene adzamusunge, ndipo alembe pa pepala munda ndi ziweto zimene zidzakhala zake, kuti womusungayo asadzalandire mwana yekha ng'ombe zitapita kwina.