Kukonzekeretsa Banja ndi Nyumba Mvula ya Mkuntho Isanafike

Chilala cha 2024 chinatisiyira mantha amodzi okha, oti mvula ingasowenso. Chimanga chinaumira m'minda chisanakhwime, ndipo pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Komabe akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mvula imene timaipempha ija nthawi zina imadza ndi mphepo yosasula madenga ndi madzi ogwetsa makoma. Banja limene lakonzekera kubzala kokha, osakonzekera kuteteza nyumba ndi nkhokwe, lagwira theka la ntchito.

Ena amafunsa kuti namondwe akutikhudza bwanji ife a kwa Nkomeshya, popeza Zambia ali kutali ndi nyanja yamchere. Anamondwe a kuno kumwera amabadwira pa nyanja ya Indian Ocean, makamaka kuyambira Novembala kufika Epulo. Idai anagwera mzinda wa Beira ku Mozambique mu Malichi 2019. Freddy anafika kumwera kwa Malawi mu Malichi 2023, ndipo matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre. Namondwe amatenga mphamvu kuchokera ku madzi ofunda a m'nyanja, choncho akalowa kumtunda amafooka. Kuno angatifikire ngati mvumbi wa masiku angapo. Chimene chimatigwera kawirikawiri ndi mkuntho wa mvula zoyamba, umene umadza mwadzidzidzi madzulo kukatentha kwambiri. Kukonzekera kwake n'kumodzi, ndipo nthawi yake ndi Okutobala, dothi likadali louma.

Tiyambe ndi denga. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa malata imawakokera m'mwamba, ndipo ikapeza polowera pa khomo kapena pa zenera imawakankhanso kuchokera m'kati. N'chifukwa chake denga limayamba kusasuka m'mbali ndi m'makona. Tikwere tione misomali imene yazuka, tikhomere yatsopano ya zipewa, ndipo m'mbali tiikhome mothithikana. Chachikulu koposa ndi mitengo yonyamula malata. Ngati yangogonekedwa pa khoma, denga lonse limanyamuka pamodzi. Tiimange ndi waya wolimba wopyoza khoma mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi. Miyala ndi njerwa zimene ambiri timasanjika pa malata sizigwira denga pa mkuntho weniweni, ndipo zikagwa zimavulaza anthu. Mtengo umene wadyedwa ndi chiswe tiuchotse, denga la udzu tilifolerenso, ndipo nthambi zouma zoweramira nyumba tizidule.

Khoma la njerwa zosawotcha limagwa kuyambira pansi, pamene madzi ochokera padenga amadontha n'kuima. Tikweze khonde mozungulira nyumba, timate ming'alu, ndipo tikumbe ngalande yotsogolera madzi kumunsi, kutali ndi chimbudzi, khola ndi nyumba ya mnansi wathu.

Chachiwiri ndi chakudya. Nkhokwe ikhale yokwezeka ndi yofoleredwa bwino. Matumba a chimanga asagone pansi kapena kutsamira khoma. Tiwasanjike pa matabwa kuti mpweya uzidutsa. Chimanga ndi mtedza zikanyowa zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale tiphike. Mbewu ndi feteleza nazonso zikhale pouma, pakuti feteleza akanyowa amaundana ndi kusungunuka, ndalama za chaka chonse n'kutha m'usiku umodzi. Mbuzi ndi nkhuku zikhale m'khola lokwezeka, chifukwa matope amaoletsa ziboda ndipo anapiye amafa ndi chinyezi.

Chachitatu ndi madzi akumwa. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu Lusaka mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la Heroes Stadium linasandulika chipatala mu Januwale 2024. Mvula yambiri imasefukiza zimbudzi n'kukokolera zonyansa m'zitsime. Mlomo wa chitsime tiumangire mokweza ndi kuuvundikira, ndipo chimbudzi chikhale kumunsi kwake, pa mtunda wosachepera mamita 30. Madzi akumwa tiziwawiritsa kapena kuthira klorini monga mwa malangizo a pa botolo. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, tisakanize masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo, azimwa tili pa ulendo wopita kuchipatala.

Chotsiriza ndi kugwirizana m'banja. Bambo, mayi ndi ana akhale pansi akambirane: nyumba ikagwa usiku tithawira kwa yani, ndani anyamule mwana wakhanda, ndani agwire agogo dzanja. Reji, makadi a kusikelo, mapepala a sukulu ndi mankhwala a odwala tiziike m'pulasitiki pamalo amodzi pamodzi ndi tochi. Ana auzidwe momveka kuti mtsinje wa Chongwe, wa Chalimbana kapena kamtsinje kalikonse kakadzaza sawoloka. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa ngakhale munthu wamkulu. Abusa a ng'ombe asabisale pansi pa mtengo kukamachita ziphaliwali. Tizimvetsera pa wailesi machenjezo a nthambi yoona za nyengo, ndipo ngozi ikagwa tidziwitse amfumu ndi akomiti a m'dera lathu kuti uthenga ufike ku DMMU, nthambi yoona za ngozi imene ili pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti.

Ife osunga Sabata tinazolowera kumaliza ntchito pa Chisanu dzuwa lisanalowe. Mwezi wa Okutobala tiutenge chimodzimodzi. Tikupempha madikoni, amayi a Dorika ndi achinyamata kuti akamaliza za kunyumba kwawo ayendere amasiye, okalamba ndi olumala a m'midzi yawo atanyamula hamala, misomali ndi waya. Ambiri mwa iwo sangathe kukwera padenga, ndipo madenga awo ndiwo amayamba kusasuka.