Phala lamadzimadzi likupinimbiritsa ana athu

Mwana akakwanitsa miyezi 6, mkaka wa m'mawere pawokha sukwaniranso kumukuza. Apa m'pamene amayi ambiri m'mawodi athu amayamba kumpatsa phala, ndipo amachita bwino. Vuto lagona pa kaphikidwe ka phalalo.

M'makomo ambiri phala la mwana limakhala la ufa woyera, madzi ochuluka ndi kamchere, poopa kuti lolimba lingamutsamwitse. Komatu mimba ya mwana wa msinkhu umenewu n'njaing'ono, pafupifupi kapu ya tiyi. Ikadzaza ndi madzi, mwana amakhuta n'kugona, mayi n'kumati wadya, chonsecho thupi lapindula pang'ono chabe. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi ngopinimbira. Kupinimbiraku kumachitika makamaka mwana asanakwanitse zaka 2, kumakhudzanso ubongo, ndipo n'kovuta kukubweza akakula.

Phala loyenera n'losavuta kulizindikira. Tapani ndi supuni, muipendeke. Likayenderera ngati thobwa, madzi achuluka. Liyenera kukakamira kaye pasupunipo. Liphikeni ndi ufa wa mgaiwa, ndipo muthiremo nsinjiro, ufa wa soya, usipa kapena bonya wosinja, dzira, kapenanso masamba ofinya bwino, ndi kasupuni ka mafuta ophikira. Mbatata yofiira m'kati, maungu, nthochi, papaya ndi mapeyala, zikakanyidwa, mwana amadya mosavuta. Zonsezi zili m'magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa ku sikelo.

Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, kuyamba ndi masupuni awiri kapena atatu, n'kumawonjezera. Wa miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse. Kuyamwa kupitirire mpaka zaka 2 kapena kuposera apo. Akayamba nsima, asamangonyambita msuzi ndiwo zenizeni zikupita kwa akuluakulu. Mpatseni mbale yakeyake kuti muone chimene wadya, mutasamba m'manja ndi sopo.

Abambo, nkhaniyi ikukukhudzani. N'zomvetsa chisoni kuona khomo lagulitsa mtedza ndi soya yense kwa mavenda pokolola, mwana n'kumamwa phala loyera mpaka dzinja. Patulani gawo la mwana musanapite nazo kumsika.

Khonsolo ikupempha makolo kupita ndi ana ku sikelo mwezi ndi mwezi, kumene amalandiranso vitamini A kuyambira miyezi 6. Mzere wa m'buku la mwana ukasiya kukwera, funsani mlangizi tsiku lomwelo.